Kuimba Mawu a m'Baibulo Popembedza: Salimo, Nyimbo ya m'Buku ndi Korasi Zimasiyana Pati?

Lamulungu limodzi lokha, Mkhristu angamve mitundu inayi ya nyimbo. Mkulu wampingo atchula nambala, anthu n'kutsegula buku la nyimbo. Kwaya iimba korasi ya mizere iwiri, kuibwereza kakhumi. Ku Misa, likatha phunziro loyamba, munthu mmodzi aimba ndime za salimo ndipo mpingo wonse uvomera. Kwina gulu la achinyamata litsogolera matamando ndi kiyibodi ndi gitala. Mapemphero akatha mikangano imayamba: ena amati makorasi alibe chiphunzitso, ena amati nyimbo za m'buku n'zogonetsa tulo, ndipo aliyense amati nyimbo zake ndi "za m'Malemba". Mawu amenewa ndiwo amasokoneza, chifukwa anthu amawatchula akutanthauza zinthu zosiyana.

"Nyimbo ya m'Malemba" ili ndi matanthauzo atatu

Tanthauzo loyamba ndi kuimba mawu a m'Baibulo momwe alili, osawonjezera kapena kuchotsa. Lachiwiri ndi kutenga gawo la Baibulo, monga Salimo 23, n'kulikonza kuti likwane m'mizere yofanana kutalika, ganizo lililonse lili pamalo pake koma mawu ena atasinthidwa. Lachitatu ndi nyimbo yopeka munthu, yomwe mawu ake ndi a wopekayo koma chiphunzitso chake wachitenga m'Baibulo.

Zili ngati chimanga chikapita kuchigayo. Mgaiwa umatuluka ndi zonse za m'njere. Gramilu ndi wokonola, gaga wachoka koma ufa ukadali wolimba. Ufa woyera wadutsa m'manja ambiri: kukonola, kupeta, kuviika, kuyanika, kugaya. Zonsezi ndi chimanga, ndipo nsima imaphikika. Chomwe Akhristu akhala akutsutsana kwa zaka mazana ambiri ndi chakuti manja a munthu alowererepo kufika pati mawuwo asanafike pakamwa pa mpingo.

Salimo

Salimo ndi ndakatulo ya pemphero yolembedwa kuti iimbidwe. Liwuli linachokera ku Chigiriki, ndipo limanena za nyimbo yoimbidwa ndi choimbira cha zingwe. Ayuda amalitcha bukuli Tehillim, kutanthauza matamando. Muli masalimo 150 ogawidwa m'mabuku asanu: 1 mpaka 41, 42 mpaka 72, 73 mpaka 89, 90 mpaka 106, ndi 107 mpaka 150. M'Chihebri, mitu ya masalimo 73 imatchula dzina la Davide, 12 imatchula Asafu, ena ndi a ana a Kora, ndipo Salimo 90 limatchula Mose. Lalifupi kwambiri ndi 117, la mavesi awiri. Lalitali ndi 119, la mavesi 176, logawidwa m'zigawo 22 za mavesi asanu ndi atatu, chigawo chilichonse chikuyamba ndi lemba lake la alifabeti ya Chihebri kuti lisavute kuloweza.

Kuimba kunali ntchito yolinganizidwa bwino m'chipembedzo cha Aisraele. Buku la 1 Mbiri 25 limawerenga oimba ophunzitsidwa 288. Masalimo 120 mpaka 134 amatchedwa nyimbo zokwerera, ndipo ambiri amati ankaimbidwa ndi anthu opita ku Yerusalemu kumaphwando. Masalimo 113 mpaka 118 amaimbidwa pa Paskha, n'chifukwa chake ofotokoza Baibulo ambiri amati nyimbo yomwe Yesu anaimba ndi ophunzira ake asanapite ku Phiri la Azitona (Mateyu 26:30) inali mwa masalimo amenewa.

Ndakatulo ya Chihebri siidalira mawu omveka mofanana kumapeto kwa mzere. Imanena ganizo, kenaka n'kulinenanso mwa njira ina, kapena kulitsutsa, kapena kulipitiriza. Ichi n'chothandiza kwambiri kwa omasulira, chifukwa ganizo lobwerezedwa limawoloka kupita m'chilankhulo china osawonongeka. N'chothandizanso kwa oimba: theka loyamba la vesi angaimbe mmodzi, lachiwiri n'kuimba gulu.

Chinthu chomwe ambiri sachiyembekezera n'chakuti m'buku lotchedwa matamando, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Salimo 13 limafunsa Mulungu kanayi kuti "kufikira liti?" Salimo 88 limathera mumdima, popanda mawu otonthoza. Pa mtanda Yesu anafuula mawu oyamba a Salimo 22. Amene anamvapo nyimbo za pamtondo aidziwa ntchito imeneyi: mayi amene sangathe kunena chomuwawa pabwalo amachiimba akusinja, anzake n'kumva. Masalimo odandaula amapatsa wopembedza chilolezo chotere pamaso pa Mulungu. Apa ndi pomwe pali phindu lina lalikulu la kuimba Malemba, chifukwa wopeka nyimbo aliyense amakonda kulemba zomwe anthu angaombere m'manja, pomwe Buku la Masalimo lili ndi mawu a munthu wodwala, wonamiziridwa, wokalamba, wolapa, ndi wa kundende.

Chenjezo laling'ono kwa ofunafuna salimo: Mabaibulo ndi mabuku a mapemphero otsata kawerengedwe ka Chigiriki ndi Chilatini amatsalira ndi nambala imodzi pa masalimo ambiri. Salimo la mbusa ndi 23 kwina, 22 kwina.

Nyimbo zina za m'Baibulo

Si masalimo okha amene ali nyimbo. Pali nyimbo ya Mose ndi Miriamu pa Eksodo 15, ya Debora pa Oweruza 5, ya Hana pa 1 Samueli 2. Luka yekha ali ndi zinayi: ya Mariya (1:46-55), ya Zekariya (1:68-79), ya angelo (2:14) ndi ya Simeoni (2:29-32). Chivumbulutso 4, 5 ndi 15 muli nyimbo za kumwamba. Akatolika ndi Aangilikani amaimba nyimbo ya Zekariya pa mapemphero a m'mawa ndipo ya Mariya pa a madzulo.

Mawu atatu a Paulo

Gwero la mkangano lili pa Aefeso 5:19 ndi Akolose 3:16, pomwe Paulo amauza Akhristu kuti aziimba masalimo, mayamiko ndi nyimbo zauzimu. Funso ndi lakuti zitatuzi n'chiyani.

Mbali ina imati Baibulo la Chigiriki lomwe Paulo ndi owerenga ake ankagwiritsa ntchito lili ndi mawu atatu omwewa m'mitu ya masalimo, choncho Paulo akunena za Buku la Masalimo lokha, monga momwe Baibulo limanenera "malamulo, malemba ndi maweruzo" potanthauza chinthu chimodzi. Iwowa amawonjezera mfundo yakuti popembedza tichite chokhacho chomwe Mulungu analamula. Mbali inayo imati Akhristu oyamba ankapeka nyimbo zawo zotamanda Khristu, ndipo imaloza ku Afilipi 2:6-11 ndi Akolose 1:15-20, zigawo zomwe akatswiri ambiri amaziona ngati nyimbo zakale. Imalozanso ku kalata yomwe Pliny, bwanamkubwa wa Chiroma ku Bithynia, analembera mfumu Trajan cha m'ma 112, yonena kuti Akhristu ankasonkhana kusanache n'kuimbira Khristu nyimbo ngati kwa mulungu.

Mantha a nyimbo zopeka sanabwere chabe. M'zaka za m'ma 300, Arius, amene ankaphunzitsa kuti Mwana si wofanana ndi Atate, anafalitsa chiphunzitso chake kudzera m'nyimbo zosavuta kugwira. Msonkhano wa mabishopu ku Laodikaya cha m'ma 360 unaletsa kuimba m'tchalitchi masalimo opeka anthu wamba. Koma m'zaka zomwezo Ambrose, bishopu wa ku Milan ku Italy, anali kupeka nyimbo zoteteza chiphunzitso cha Utatu, ndipo anthu ake ankaziimba. Onse awiri, woletsa ndi wopeka, anagwirizana pa chinthu chimodzi: zomwe mpingo ukuimba ndi zomwe udzakhulupirire. Ulaliki umamveka kamodzi, nyimbo imapita nawo munthu kumunda ndi kumtsinje.

M'nyumba za amonke, malamulo a Benedict, mtsogoleri wa amonke wa m'zaka za m'ma 500, analamula kuti masalimo onse 150 aziimbidwa sabata iliyonse. Masiku ano buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku la Akatolika limagawa pafupifupi onse m'masabata anayi.

Salimo loikidwa m'muyeso

Uku ndi kulemba salimo mwatsopano kuti mzere uliwonse ukhale ndi chiwerengero chodziwika cha maphatikizo, kuti ndime zonse ziimbidwe ndi chuni chimodzi. Ntchitoyi ikufanana ndi ya telala: nsalu ndi yomweyo, koma kuti ikhale malaya pafunika kudula pena ndi kupinda pena.

Atsogoleri a kukonzanso mpingo sanagwirizane pa nkhani ya nyimbo. Martin Luther anapeka nyimbo momasuka, ndipo mabuku oyamba a nyimbo za mpingo wake anatuluka mu 1524. Huldrych Zwingli ku Zürich anachotsa kuimba m'mapemphero. John Calvin anasankha masalimo: kabuku koyamba kanatuluka ku Strasbourg mu 1539, ndipo masalimo onse 150 m'Chifalansa anamalizidwa ku Geneva mu 1562. Mawu anakonza Clément Marot ndi Théodore de Bèze. Mpingo unkaimba ndi liwu limodzi, popanda choimbira chilichonse, kuti mawu amveke. Ku Scotland buku la masalimo la mu 1650 linaika masalimo ambiri m'muyeso umodzi wa maphatikizo 8, 6, 8, 6, motero munthu wodziwa machuni khumi okha ankatha kuimba buku lonse. Popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, wotsogolera ankatchula mzere, mpingo n'kuuimba. Kaimbidwe kameneka kakadalipo m'matchalitchi ena olankhula Chigaeliki pa chilumba cha Lewis ku Scotland komweko.

Kubweretsa muyeso umenewu m'Chichewa kuli ndi mavuto atatu, ndipo aliyense wopeka kapena kuphunzitsa nyimbo ayenera kuwadziwa.

Loyamba ndi kutalika kwa mawu. Vesi loyamba la Salimo 23 limakwana m'mzere umodzi wa maphatikizo 8 m'buku la ku Scotland. M'Chichewa, "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa" ndi maphatikizo 14, mizere iwiri yathunthu. Womasulira wofuna kusunga chuni chachizungu amakakamizika kutaya theka la ganizo kapena kumeza malembo. N'kumene kunachokera "Mlungu" ndi "'Tate" za m'mabuku athu a nyimbo.

Lachiwiri ndi pomwe liwu limatsamira. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: mu-LU-ngu, chi-FU-ndo. Machuni ambiri a muyeso wa 8, 6, 8, 6 amagunda mwamphamvu pa phatikizo lomaliza la mzere, ndiye anthu amaimba kuti mulu-NGU, chifu-NDO. Tinazolowera, koma mlendo wongomva koyamba amavutika kutola mawu. Chuni chomwe mzere wake umatha ndi noti yamphamvu yotsatidwa ndi yofewa chimakwana bwino Chichewa.

Lachitatu ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika zimasiyana ndi kamvekedwe kokha. Chuni chikakwera pomwe liwu limatsika polankhula, tanthauzo limadalira mawu oyandikana nawo basi. Nyimbo zopekedwa ndi eni chilankhulo kawirikawiri zimatsata kalankhulidwe mwachibadwa, n'chifukwa chake zimagwirika msanga.

Nyimbo ya m'buku

Imeneyi ndi nyimbo ya ndime zingapo yopeka munthu, yofotokoza chiphunzitso mwadongosolo. Kwa olankhula Chingerezi, amene anatsegula khomo ndi Isaac Watts. Iye ankadandaula kuti Akhristu akuimba ngati Khristu sanabwere. Anatulutsa nyimbo zake mu 1707, ndipo mu 1719 anatulutsa masalimo olembedwa ngati kuti Davide anali Mkhristu, akutchula Yesu pomwe salimo limatchula mfumu. Pambuyo pake Charles Wesley analemba nyimbo zoposa 6,000. Otsutsa anafunsa kuti anapatsa munthu ufulu wokonza mawu a Mulungu ndani. Oteteza Watts anayankha kuti mlaliki ndi wopemphera amagwiritsa ntchito mawu awoawo, nanga woimba alekerenji.

Nkhaniyi inagawa mipingo. Ku South Africa, mu 1859, gulu lina linachoka n'kuyambitsa Gereformeerde Kerk ku Rustenburg, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kukana nyimbo zosachokera m'Baibulo. Ku Scotland mipingo ikuluikulu ya Chipresibiteriyani inayamba kulola nyimbo zopeka ndi malimba m'zaka za pakati pa 1860 ndi 1890. Amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera mu 1889. Motero anafika kuno khomo litatseguka kale kwawo, ndipo n'chifukwa china chomwe Akhristu a CCAP anakulira pa nyimbo za m'buku kuposa masalimo a muyeso. Mipingo yoimba masalimo okha ilipobe. Free Presbyterian Church of Scotland, yomwe ili ndi mipingo ku Zimbabwe, ndi umodzi mwa iyo. Free Church of Scotland inalola nyimbo zina ndi zoimbira mu 2010.

Kutsogolera ndi kuvomera

Pali njira yoimbira mawu a Baibulo osawadula. Mmodzi amaimba mavesi pa chuni chosavuta chomwe chimatambasuka malinga ndi kutalika kwa mzere, ndipo mpingo umayankha ndi mawu ochepa osasintha. Salimo 136 linalembedwa motero: vesi lililonse mwa mavesi 26 limatha ndi "pakuti chifundo chake nchosatha". Ndi mmene timachitira ndi nthano: wokamba apitiriza nkhani, omvera ayankha "tili tonse", ndipo palibe amene wasiyidwa ngakhale sadziwa nthanoyo.

Akatolika anabwezeretsa salimo lotere pa Misa pambuyo pa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, womwe mu 1963 unatsegula njira ya zilankhulo ndi maimbidwe a eni dziko m'mapemphero. Kumpoto kwa Malawi zoterezi zinayamba kale: Donald Fraser ku Embangweni analimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo pa machuni akwawo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zomwe zikuimbidwabe.

Korasi ndi m'bale wake wa njira imeneyi: mawu ochepa, obwerezedwa, osafuna buku. Makorasi ambiri ndi vesi la m'Baibulo lenileni, ndipo mwa njira imeneyi ali pafupi ndi Malemba kuposa nyimbo zina za m'buku. Kufooka kwake n'kwakuti vesi limodzi lozulidwa pamalo pake lingathe kunena zomwe mutu wonse sukunena.

Wofuna kuika salimo m'nyimbo ayambe ndi kuliwerenga lonse mokweza kangapo, kuti amve pomwe liwu likukwera, pomwe likutsika ndi pomwe munthu amapumira. Asankhe mzere umodzi wonyamula mutu wa salimolo, wa mawu osapitirira khumi, ukhale wovomera. Chuni cha mzerewo chituluke m'kalankhulidwe, noti zazitali zigwere pa maphatikizo okokedwa. Mavesi a wotsogolera asadumphe pomwe salimo likutembenuka: Salimo 13 loimbidwa mavesi awiri omaliza okha lataya kulira komwe kumapatsa chiyembekezocho tanthauzo. Nyimbo ya mpingo wonse isatambalale kwambiri kupitirira kuchoka pa do wapansi kufika pa do wapamwamba, ndipo woyambitsa ayese kaye noti yokwera kwambiri chamumtima asanayambe. Nyimbo ikayambidwa pamwamba, abambo amasiya kuimba pa mzere wachitatu, amayi n'kumakuwa. Pophunzitsa, mzere wovomera ubwerezedwe katatu kapena kanayi mapemphero asanayambe, nyimboyo iimbidwe Malamulungu atatu otsatizana, ndipo buku, mutu ndi vesi zitchulidwe kuti anthu akazipeze kunyumba.

Phindu lake, ndi pomwe zimalakwika

Akolose 3:16 amaika kuimba pamodzi ndi kuphunzitsana. Mawu oimbidwa amakhazikika chifukwa chuni chimasunga dongosolo lawo: liwu limodzi likasowa, mzere sukwana ndipo woimba amazindikira. Mwana wa Sande sukulu amaloweza mayina a mabuku a m'Baibulo ndi nyimbo. Agogo amene maso anafooka amaimba ndime zonse pamtima. Pa siwa, pomwe palibe amene angalalikire usiku wonse, nyimbo ndizo zimanyamula anamfedwa mpaka kucha. Paulo ndi Sila, atakwapulidwa ndi kumangidwa m'zigologolo ku Filipi, analibe mpukutu woti awerenge pakati pa usiku, koma anali ndi nyimbo (Machitidwe 16:25). Ndiponso kuimba ndi gawo la mapemphero lomwe mpingo wonse umalankhula nthawi imodzi, wophunzira ndi wosaphunzira.

Kukhala m'Baibulo kokha sikupangitsa mzere kukhala woyenera kuimbidwa mulimonse. Pafunika kufunsa kuti akulankhula ndani, ndipo akuuza yani. Mawu a anzake a Yobu ali m'Baibulo, koma Mulungu anawadzudzula pa Yobu 42:7. Satana anatchula Salimo 91 poyesa Yesu (Mateyu 4:6). Afilipi 4:13, vesi lokondedwa m'makorasi, likutsatira mawu a Paulo onena za kudziwa kukhuta ndi kumva njala, kusefukira ndi kusowa. Njira yosavuta yoyesera nyimbo ndi kulemba mawu ake papepala n'kuwawerenga popanda chuni, Baibulo lili chotsegula pambali.

Zina zimalakwika pa kaimbidwe. Zokuzira mawu zikakwera mpaka munthu osamva woyandikana naye, mpingo umaleka kuimba n'kuyamba kuonerera. Kwaya ikaimba nyimbo zisanu, mpingo imodzi, zotsatira zake n'zomwezo. Nyimbo ya m'buku ikakokedwa kwambiri, mpweya umathera pakati pa liwu ndipo chiganizo chimaduka. Ikathamangitsidwa kutsata ng'oma ya m'kiyibodi, mawu amamezedwa. Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene analira atamva nyimbo za mpingo wa Ambrose ku Milan, anavomereza kuti ankadziona wolakwa pamene kukoma kwa kaimbidwe kunamugwira mtima kuposa mawu oimbidwawo, komabe sanafune kuti kuimba kuthe.

Mafunso omwe akadali poyera

Kodi masalimo otemberera adani aziimbidwa? Buku la mapemphero a tsiku ndi tsiku la Akatolika linasiya Masalimo 58, 83 ndi 109, pomwe oimba masalimo okha amati palibe loyenera kudumphidwa, popeza kupereka mkwiyo kwa Mulungu n'kosiyana ndi kubwezera. Nanga mpingo woimba Salimo 137 mpaka vesi 9, lonena za kuphwanya makanda a adani pathanthwe, uwafotokozere chiyani ana?

Kodi lamulo la Salimo 150 lotamanda ndi lipenga, zeze, lingaka ndi chitoliro likugwirabe ntchito, kapena linali la Kachisi wa ku Yerusalemu pamodzi ndi nsembe zake? Mipingo ya Orthodox yambiri imaimba popanda zoimbira mpaka lero, pomwe ena amaona ng'oma ndi kuvina ngati kumvera salimolo.

Ngati mpingo uimba masalimo okha, dzina la Yesu ulitchula pati? Ngati uimba zopeka zokha, ndani amayesa mawu ake nyimbo isanafike paguwa: abusa, akulu ampingo, sinodi, kapena woyang'anira kwaya yekha? Masiku ano nyimbo imachoka pa wailesi kapena pa WhatsApp Lachisanu, Lamulungu ili m'tchalitchi.

Palinso funso la Baibulo loti liimbidwe. Buku Lopatulika la mu 1922 lili ndi mawu omwe anthu anakula nawo, ena mwa iwo achinyamata sawamvanso. Buku Loyera la mu 1998 limamveka msanga, koma mawu ake si amene ali pamtima pa achikulire. Ndipo nyimbo zakale zomwe zimapinda Chichewa kuti chikwane chuni cha ku Ulaya, zikonzedwe kuti zimveke bwino, kapena zisiyidwe momwe agogo anaziimbira pa maliro a makolo awo?